Zimene Abiti Bakari Ananena pa Doko

Kwa Kawinga kulibe amene sadziwa kuti a Blasius akanyamula chimkuzamawu, munthu wanzeru amayamba wapeza mthunzi. Bamboyu ndi mlangizi wa zaumoyo, wagwira ntchito zaka makumi awiri m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, ndipo mtima wake ndi wabwino zedi, koma pakamwa palibe buleki. Akaimirira kuti alengeze tsiku la katemera, amayamba ndi kuthokoza mafumu mmodzimmodzi, kenako mvula ya chaka chatha, kenako mbiri ya katemerayo kuyambira nthawi imene iwo anali mnyamata kwawo kwa Nsamala. Pofika pa tsiku lenileni la katemera, amayi ambiri amakhala atabalalika kale.

Ambiri, koma osati onse. Pa doko lina la asodzi panali mayi mmodzi wowamba nsomba, dzina lake Saida, amene anthu amamutchula kuti Abiti Bakari. Chaka chilichonse a Blasius akapita kukaphunzitsa za ubwino wogona m'neti, mayiyu ankasiya nsomba zake, n'kukhala kutsogolo penipeni, maso ali pakamwa pa a Blasius mpaka mawu omaliza. A Blasius ankamunyadira kwambiri. Akafika kunyumba ankauza akazi awo, a Lena, kuti: "Pa doko paja pali mayi mmodzi wodziwa kumvetsera. Onse akanakhala ngati iyeyo, malungo bwenzi titawaiwala."

A Lena, omwe ndi telala ndipo amasokera pakhonde, ankangoti, "Ooh," n'kupitiriza kupalasa makina.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, a Blasius anabwerera kusukulu. Koleji ina ku Balaka inatsegula maphunziro a dipuloma a Lachisanu ndi Loweruka, ndipo iwo analembetsa. Chinawatuma chinali chimodzi: anyamata amene iwo anawaphunzitsa kupachika sikelo ya ana pamtengo anali atawapitirira kale, ena mpaka kumawasainira malipoti. Zimenezi zinkawapweteka, ngakhale kuti pa nkhani yokhayi sankalankhulapo. Choncho Lachisanu lililonse ankakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Ntaja, minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Balaka, n'kufika m'kalasi fumbi lili mbuu m'nsidze.

Phunziro loyamba linali la kalembedwe ka nkhani zamaphunziro. Mphunzitsi wake anali a Madamu Laisi, mayi wochepa thupi, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Tsiku loyamba lomwe ananeneratu kuti kudzakhala ntchito zitatu: kulemba chidule cha nkhani, kusanja mfundo za nkhani, ndi kuunika nkhani ya kafukufuku. Amene malikisi ake onse pamodzi sadzakwana theka, chaka chamawa asadzavutike n'kukwera minibasi.

Ntchito yoyamba inali yooneka yophweka. Anawapatsa nkhani ya masamba awiri kuti aifupikitse m'mawu zana limodzi ndi makumi asanu. A Blasius anaigwira ndi mtima wonse. Pobweza mapepala, a Madamu anaima pa desiki yawo, pepala lili m'manja.

"Bambo Blasius, nkhaniyi inabwera kwa inu ili ndi masamba awiri. Yachoka ili ndi masamba anayi. Mwaidyetsa chiyani?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Blasius nawo anaseka, poti ndi munthu wosasunga mangawa, koma malikisi amene anali pamwamba pa pepalalo sanali oseketsa.

Pa ntchito yachiwiri anayesetsa. A Madamu anafotokoza kuti munthu asanalembe ayambe waimika mitu ikuluikulu, itatu kapena inayi, kenako timfundo tating'ono pansi pa mutu uliwonse. A Blasius anabweretsa mitu ikuluikulu khumi ndi isanu ndi inayi.

"Zonsezi n'zofunika, Madamu," anadandaula motero.

"Zonse zikakhala zofunika, wowerenga agwira iti?" anafunsa a Madamu, n'kuwapatsa malikisi ongokwanira kupumira.

Tsopano zonse zinatsamira pa ntchito yachitatu. Akailemba bwino kwambiri, apitiriza sukulu. Akailemba mwa apo ndi apo, dipuloma yathera pomwepo, ndipo abwerera kwa Kawinga kukasainiridwa malipoti ndi ana mpaka tsiku lopuma ntchito.

A Madamu anapatsa wophunzira aliyense nkhani ya kafukufuku wochitika kudera lake. Wa kwa Phalula anamupatsa ya ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu. A Blasius anawapatsa ya maneti a udzudzu pakati pa mabanja a asodzi a ku Chiuta. Anayamba kuiwerenga m'minibasi, atapanikizidwa pakati pa thumba la chimanga ndi mayi wonyamula nkhuku. Atafika kumapeto, pamene olemba amathokoza anthu, anakuwa mpaka nkhuku ija inadzidzimuka. Wolembayo ankathokoza mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amene anamumasulira Chiyao.

Anakumbukira bwinobwino. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mwezi wa Okutobala, kunabwera mayi wina wa kuyunivesite pa galimoto yoyera, atanyamula mafomu a Chingerezi. Chiyao sankachidziwa, ndipo a Blasius, amene anachiphunzira pa ntchito mpaka kumalota nacho, ndiwo anayenda naye masiku atatu.

"Taonani apa, mayi a kunyumba," anatero atangofika, asanavule n'komwe nsapato. "Mwamuna wanu ali m'buku."

A Lena anaimitsa makina, n'kuyang'anitsitsa pamene chala chinaloza. "Dzina lanu lili pati?"

"Dzina sanalembe, koma ndi ineyo."

"Ooh," anatero a Lena.

Sabata imeneyo a Blasius analemba ngati munthu wolodzedwa. Anayamikira wolemba nkhaniyo chifukwa cha nzeru zake, kudzichepetsa kwake, Chingerezi chake, ngakhale kaimidwe ka manambala m'mizere. Mwamwayi a Madamu ankalola kuti munthu awaonetse zimene walemba asanapereke komaliza. Anawerenga tsamba loyamba, n'kusuzumira lachitatu, n'kubweza.

"Uku si kuunika. Awa ndi mawu a pa ukwati."

"Koma Madamu, wolemba nkhaniyi ndi dokotala wa maphunziro. Ine ndani kuti ndimutsutse? Kwathu sitinaleredwe choncho."

"Kuunika si kutukwana, bambo Blasius. Inu mukapita kukayendera chitsime m'mudzi, mumangoyamikira kuti anakumba bwino?"

"Iyayi. Timaona ngati chili ndi chivundikiro, ngati chimbudzi chili kutali, ngati madzi akuda sakubwereramo."

"Ndipo mukatero mwanyoza amene anakumba?"

A Blasius anakanda mutu. "Iyayi. Timafuna kuti anthu asamwe matenda."

"Ndiye kayendereni nkhaniyi ngati chitsime. Mafunso ndi atatu. Wolemba akunena chiyani? Umboni wake anaupeza bwanji? Umboniwo ukufikadi pamene iye wafikapo? Muli ndi masabata awiri."

Lolemba masana, ataweruka kuntchito, anakhala pakhonde pafupi ndi makina a a Lena, n'kuyambanso kuwerenga, ulendo uno pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja. Funso loyamba linali losavuta. Wolembayo ankati amayi ambiri a pa doko sagona m'neti, chifukwa chachikulu n'chakuti saikonda, choncho pakufunika kuwaphunzitsa kwambiri. A Blasius anadabwa kuona kuti nkhani yonseyo yakwana m'mizere itatu.

Funso lachiwiri ndi limene linawagwetsa ulesi. Umboni anaupeza bwanji? Anafunsa amayi kudzera mwa womasulira. Fomu inali ndi mabokosi anayi: ndilibe neti, inang'ambika, imatentha, sindiikonda. Ndipo pakati pa tsamba panali mawu a mayi wina wowamba nsomba, amene atafunsidwa chifukwa chake sanagone m'neti, akuti anangoti: "Sindiikonda."

A Blasius anaika pepala pamwendo. Tsiku lija linabwerera lonse, ndi fungo lake la utsi. Linali tsiku lachitatu, nthawi itapitirira 2 koloko, dzuwa likuswa mtengo. M'mimba munalibe kanthu kuyambira m'mawa. Kunatsala amayi khumi ndi asanu, ndipo dalaivala ankangoliza hutala. Ndiye anafika kwa Abiti Bakari. Mayiyo atamva funso anapukuta manja, n'kuyamba kulankhula m'Chiyao. Analankhula, analankhula, akuloza kumtunda, akuloza msasa wake, akuwerenga pa zala. A Blasius maso anali pa galimoto. Atamaliza, mayi wa kuyunivesite uja anafunsa m'Chingerezi kuti akuti chiyani, ndipo a Blasius anayang'ana mabokosi anayi aja, n'kuyankha m'Chingerezi momwemo kuti akuti saikonda. Amayi otsatira ambiri ankangoti, "Monga wanenera Abiti Bakari," ndipo onsewo analowa m'bokosi lomwelo.

Anawafotokozera a Lena zonsezi ndi mawu otsika. A Lena anasiya kupalasa. Anawayang'ana amuna awo, kenako anaphulika chiseko mpaka kugwira m'nthiti.

"Bambo a kunyumba, inu! Moyo wanu wonse mwafupikitsapo nkhani kamodzi kokha, ndipo munafupikitsa ya eni ake!"

"Si zoseketsa, Lena."

"Ndikudziwa," anatero a Lena, akupukuta misozi ndi kansalu kotsala. "Pepani. Nanga mayiyo anati chiyani?"

A Blasius anafufuza m'mutu mwawo. Sankadziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi akhala akutumidwa pa doko limenelo ndi chimkuzamawu kukaphunzitsa amayi kuti aikonde neti, ndipo zimene mayi uja ananena sanazimve n'komwe. Manyazi anawagwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Njira yozembera inalipo, ndipo anaiona. Akanatha kulemba kuti kafukufukuyu anachitika mwezi umodzi wokha, kuti anthu ofunsidwa anali ochepa, n'kusiya za womasulira zigone. Ndani akanadziwa? Koma akalemba zoona, a Madamu adzawaona ngati munthu woononga ntchito za ena, mwina n'kuwalepheretsa kumene. Kalasi idzaseka. Mwinanso nkhani idzafika ku ofesi ya boma. Anagona nazo masiku awiri. Lachinayi m'mawa anatenga kope ndi njinga yawo yakapalasa, chimkuzamawu n'kuchisiya pa msomali.

Anapeza Abiti Bakari akutembenuza milamba pa waya wa uvuni wake, utsi uli tolotolo. Kumbuyo kwake kunali kamsasa ka udzu, kakafupi koti munthu amalowa chokwawa.

"Ajimwiche uli, Abiti Bakari?"

"Eee, Che Blasius! Tadzuka. Lero chimkuzamawu chadwala?"

"Lero ndabwera kudzamvetsera."

Mayiyo anawayang'ana ngati akuona ng'ona itavala malaya. Anawakokera chidebe chovundikira kuti akhalepo. A Blasius anamukumbutsa za mayi wa galimoto yoyera uja, n'kumupempha kuti anenenso zonse zimene ananena tsiku lija.

"Zonse?"

"Zonse."

Abiti Bakari sanachite kupemphedwa kawiri. Anayambira pa bwato la malemu amuna ake, mmene linabookera. Anadutsa pa ukwati wa mwana wake wamkazi, pa makoswe amene anadya thumba la ufa, pa mlamu wake wosayamika wa ku Nayuchi. Chiyao ndi Chichewa zinkangosinthana. A Blasius ankalemba, thukuta lili kamukamu, ndipo kawiri konse mtima unawauza kuti amudule. Apa m'pamene anadziwa mmene anthu amamvera iwo akagwira chimkuzamawu. Koma anaugwira mtima, ndipo pakati pa makoswe ndi mlamu uja, nkhani ya neti inayamba kutuluka. Akamva mfundo yolemera ankaika nyenyezi m'mbali. Mayiyo atamaliza, nsomba zina zitapserera pang'ono, nyenyezi zinali zitatu.

"Ndikuwerengereni, mundiuze ngati ndi zimene mwanena," anatero a Blasius. "Choyamba: maneti amagawidwa powerengera anthu a nyumba imodzi. Koma nyengo ya nsomba banja limagawikana, inu kuno ku doko, ana kumudzi kumtunda. Neti imatsala ndi ana."

"Elo, n'zoona. Ndingagone m'neti ine, zidzukulu zikudyedwa ndi udzudzu?"

"Chachiwiri: neti ya ngodya zinayi ilibe pomangirira m'kamsasa aka, ndipo moto wa uvuni ukathetheka imabooka."

"Ziwiri zinapsa choncho."

"Chachitatu: tsiku lolemba mayina limapezeka inu muli kuno, ndiye ena amatsala osalembedwa."

"Ndi momwemo." Mayiyo anatembenuza mlamba umodzi, kenako anapukusa mutu. "Koma mwasiya chachikulu."

A Blasius anayang'ana m'kope. "Chiti?"

"Pempho langa. Tsiku lija ndinati mumuuze mayiyo kuti akapita kwa akuluakulu akatipemphere neti yachiwiri ya kuno ku doko, yozungulira ija, ya chingwe chimodzi, yoti ndingoikoleka pa mtanda apa. Inu munamuuza mawu awiri atatu, iye n'kulemba. Ine mumtima ndinati, eee, Chingerezi n'chachifupi bwanji!" Anaseka, n'kupitiriza. "Ndiye chaka chilichonse mukabwera ndi chimkuzamawu chanu, ndimati lero abwera ndi yankho. Ndimakhala kutsogolo kuti lisandiphonye. Ndimati poti a Blasius amachedwa kufika pa nkhani, mwina ali nalo kumapeto."

A Blasius anaika cholembera pansi. Utsi unkawalowa m'maso, koma misozi imene inalengeza sinali ya utsi wokha. Mayi amene ankamunyadira kuti ndi wodziwa kumvetsera uja ankangodikira yankho la pempho limene iwo sanalifikitse.

"Abiti Bakari, ndinakulakwirani. Zimene munanena sindinamuuze. Ndinali ndi njala, galimoto inkafulumira, ndipo sindinamvetsere. Ndinamuuza kuti neti simuikonda."

"Sindiikonda? Ine?" Mayiyo anaomba m'manja kamodzi, n'kuitana mnzake wa uvuni woyandikana nawo. "Sharifa, tabwera udzamve! Akuti ine neti sindiikonda! Zalembedwa m'buku!"

Amayi anasonkhana, ndipo a Blasius anadzudzulidwa m'zinenero ziwiri, mokuwa ndi moseka. Anavomera zonse, mutu uli pansi. Phokoso litachepa anakumbukira funso lachitatu la a Madamu, loti umboni ukufika pati, ndipo anaona kuti mawu a mayi mmodzi sangaimire doko lonse. Anafunsa amayi ena asanu ndi atatu, mmodzimmodzi. Asanu ndi mmodzi ananena zofanana ndi za Abiti Bakari. Awiri anati iwo neti imawatenthadi ndipo saifuna. Izinso anazilemba, ngakhale zinkaononga kukoma kwa nkhani yawo.

Asananyamuke anawerenganso mfundo zija, tsopano zili zinayi. Abiti Bakari anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Elo," anatero. "Ameneyo ndiye ine."

Anawakulungira milamba iwiri yopserera ija m'pepala, akuti ndi malipiro oyenera womasulira wotere.

Kulemba kunatenga masana anayi. A Blasius anayamba ndi kuimika mitu kuseri kwa kalendala yakale: zimene wolemba akunena, zimene anachita bwino, pamene umboni ukufooka, zoyenera kuchitika. Mitu inayi basi, ndipo anaiyang'ana modabwa ngati si yawo. Akalemba ndime ankaiwerenga mokweza, akumasulira m'Chichewa, ndipo a Lena anadzipatsa udindo: amuna awo akangoyamba kulowera kutchire, ankagogoda sizasi pa thabwa la makina. Tsiku loyamba sizasi inalira ngati belu la sukulu. Tsiku lachinayi inalira kawiri kokha.

Sanamunyoze mayi wa kuyunivesite uja. Analemba kuti iye anafika pa doko penipeni pamene ena amathera ku Ntaja, ndiponso kuti chiwerengero chake cha amayi osagona m'neti chinali choona. Kenako analemba kuti chifukwa chimene anapereka sichikuima bwino: fomu inali ndi mabokosi anayi okha ndipo yankho lenileni linalibe bokosi, mawu a amayi sanajambulidwe, womasulira anali mmodzi, ndipo palibe amene anabwerera kukawawerengera amayiwo zimene zinalembedwa. Zitatero panatsala chiganizo chimodzi. Anachilemba, n'kuchifufuta. Anachilembanso mozungulira, chokhala ndi "mwina" ndi "zikuoneka kuti", ndipo sizasi inalira. Kachitatu anachilemba mmene chilili: womasulirayo ndinali ine, ndipo yankho la mayiyo sindinalimasulire.

Loweruka lobweza mapepala, a Madamu anaitana mayina onse kupatula lawo. A Blasius anakhala manja ali pa mawondo. Ankaganiza kale za mmene akafotokozere kwa Kawinga kuti sukulu aisiya chifukwa cha kutalika kwa ulendo.

"Bambo Blasius, bwerani kutsogolo. Muwerengere anzanu."

Anawerenga. Zinatenga mphindi zinayi. Atafika pa chiganizo chija anachitulutsa chonse, ndipo palibe amene anaseka. Atamaliza, a Madamu anatenga pepalalo n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akufuna masamba ena.

"Tsamba limodzi ndi theka. Mukudwala?"

Apa ndiye kalasi inaseka, ndipo ena anaomba m'manja.

"Ndime yoyamba ndaidula," anapitiriza a Madamu. "Mafumu a kwa Kawinga mukawathokoze kwanu. Kotsalako ndi ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndalandira chaka chino. Ambiri mwa inu mwafufuza zolakwa za wolemba. Awa afufuza pamene umboni unadutsa, ndipo ataupeza ukudutsa pakamwa pawo sanatseke maso. Mutumize kope lina kwa wolemba nkhaniyi. Ngati ndi wofufuza weniweni, adzakuthokozani kachiwiri." Kenako anawapatsa pepala, ndipo malikisi anali okwanira ndi kutsalako. "Tionana chaka chamawa."

A Blasius anatsegula pakamwa kuti athokoze, ndipo kalasi yonse inakhazikika bwino pa mipando podziwa zimene zikubwera.

"Zikomo, Madamu," anatero, n'kukakhala pansi.

Lolemba m'mawa anapalasa njinga kupita ku doko, pepala lili m'thumba la malaya. Chimwemwe chinali chosabisika, moti ankapereka moni ngakhale kwa mbuzi. Anapeza Abiti Bakari akuyala matemba pa thandala.

"Abiti Bakari, ndakhoza! Mawu anu aja andikhozetsa. Aphunzitsi akuti ndi ntchito yabwino kuposa zonse."

"Mwakhoza? Alhamdulillah! Tayamika." Mayiyo anawagwira chanza ndi manja onse awiri, mamba a nsomba n'kuwapaka. Kenako anasuzumira pa keriyala ya njinga, pamene panalibe kanthu. "Nanga neti ija?"

A Blasius anaima njinga ili m'manja. Pakamwa panadzaza mawu, oti afotokoze mmene zinthu za boma zimayendera, kuyambira ku likulu mpaka ku chipatala chaching'ono, ndi masiteji onse apakati. Anawameza onsewo.

"Sindinabwere nayo. Pempho lanu silinafikebe kwa oyenera. Lero ndilemba kalata yopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo ndisanaitumize ndidzabwera kudzakuwerengerani."

Abiti Bakari anagwedeza mutu. Anakoka chidebe chija ndi phazi, n'kuchiika pamthunzi.

"Lemberani pompano, Che Blasius. Ikhale yaifupi, koma ndikhalemo."

A Blasius anatsamiritsa njinga pa msasa, anakhala pa chidebe, n'kutsegula kope.